Bwato la Achimwene Lufeyo

Nyengo zimene ndinayenda m'mbali mwa mtsinje kufunafuna bwato sindinaziwerenge. Ndimangokumbukira kuti mango anapsa kangapo, ndipo malaya amene ndinachoka nawo kwathu anathera pamsana. Ena amati ndinapita chaka chimodzi, alamu anga amati zitatu. Ine ndikakumbukira ndimaona ngati linali tsiku limodzi lalitali lamphepo, ndikukankha njinga, nsungwi zisanu ndi zitatu zitamangidwa m'mbali mwake, nsonga zake zikulemba mzere m'fumbi.

Bwatolo silinali langa. Ine madzi sindiwadziwa. Ndinakulira kumapiri kwa amalume, ndipo ntchito yanga inali kunyamula nkhuni panjinga. Amene anakulira kumtsinje ndi achimwene anga a Lufeyo, msodzi woponya ukonde ataimirira m'bwato. Chilonda chinawagwira kuphazi, chinakana mankhwala, ndipo kuchipatala anawadula mwendo wamanzere pabondo. Bwato lawo linapita ndi matendawo. Nditabwera kudzawaona ndinapeza munthu wokhala pakhonde, nkhope italoza kumtsinje, chakudya chikuzizira pambali. Mkazi wawo, alamu anga Nasiyaya, anandinong'oneza kuti akudya ngati mpheta ndipo tsiku limatha osatulutsa mawu.

Tsiku lina anandiitana.

"Iwe, undipezere bwato."

Ndinafunsa kuti ukonde akaponya bwanji atakhala pansi. Anati kumtunda kwa mtsinje kuli kawedzedwe kena kamene anakaona ali mnyamata, anthu amakatcha kangaude. Munthu amakhala pansi kutsogolo kwa bwato, nsungwi zisanu ndi zitatu zitatambasuka patsogolo pake ngati miyendo, iliyonse ndi mbedza yake, bwato likukwawa pang'onopang'ono. Pamenepo mwendo sufunika, anatero. Kenaka anawonjezera mawu amene anandikhala pamtima: "Madzi aja amandidziwa. Sangandikane."

Mawuwo ndinawatembenuza njira yonse. Kodi munthuyu akufuna bwato lokawedzera, kapena lokamufikitsa pakati pa mtsinje, pamene palibe womugwira dzanja? Sindinawafunse. Kwathu mng'ono safunsa mkulu wake funso lotero. Ndinangodula nsungwi, kuzimanga panjinga, ndi kupempha Mulungu kuti andionetse bwato losagubuduzika, apo ayi asandionetse lililonse. Njingayo ndiyo ndinali kukasinthanitsa ndi bwatolo. China ndinalibe.

Midzi ya m'mbali mwa mtsinje imafanana: njira yotsetsereka, mtengo wa mkuyu, dooko lamatope, galu wogona pamthunzi wa bwato lovundikira. Pa dooko lililonse anthu ankayang'ana nsungwi zanga, kenaka nkhope yanga, n'kundilozera kutsogolo. Munthu wa kangaude ndinamupeza pa thamanda lozingidwa ndi gumbwa. Anali nkhalamba, dzina lawo a Dzimbiri, atakhala kumphuno kwa bwato, nsungwi zitayalana pamwamba pa madzi, osagwedezeka. Atatuluka anandifunsa amene wandituma. Ndinati achimwene. Anati aliyense wobwera kudzaba malo a nsomba amakhala ndi achimwene ake. Komabe sanandithamangitse. Anandipatsa khasu ndi chitini, ndipo ndinawakumbira nyongolotsi nyengo yonse yozizira.

Sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ndinkaona ndekha thabwa lomangidwa chopingasa kutsogolo, mabowo ake asanu ndi atatu, nsungwi zazitali kumbali, zazifupi pakati, chingwe chilichonse ndi kachitsulo kake kuti chiime chilili m'madzi. Nkhafi yawo inali yaifupi, yopalasa ndi dzanja limodzi. Masana aliwonse ndinkapeza theka la chinangwa chootcha pamwala pamene ndinkakhala. Iwo sanatchulepo. Ine ndinkadya, ndikudzifunsa kuti nkhalambayi ikufuna chiyani kwa ine.

Analankhula tsiku limene ndinatsanzika. Anati nsungwi ndi mbedza aliyense angapeze, nkhani ili pa bwato. Likhale lotambalala kumphuno, chifukwa kulemera konse kuli komweko. M'mbali mwake mukhale motsika kuti mphepo isapeze pogwira, pakuti bwato likangozungulira zingwe zonse zimakodwana, tsiku latha. Likhale lolemera pansi, ndiponso laulesi.

"Lothamanga n'la anyamata ofunsira mbeta," anatero. "Wogulitsa akakukhazika kumbuyo, tsika. Ukhale kutsogolo, tsiku lamphepo, utambasule dzanja kukagwira nsungwi yakumapeto ngati yakola mlamba. Ukapanda kunyowa, pamenepo muyambe kukambirana."

Ndinapempha lawolo. Anati ndidikire maliro awo.

Pa dooko lotsatira, kapena lachitatu lake, panali bwato lamatabwa lopaka utoto wobiriwira. Mwini wake, munthu wa chipewa choyera, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa m'kapu yagalasi asanandifunse n'komwe dzina. Ankanditcha bwana, koma maso ake sankachoka panjinga. Tinalowa m'madzi kuli bata, iye n'kundiyalira kansalu kumbuyo. Nditapempha kukhala kutsogolo anati kumeneko n'kwa katundu, sikoyenera bwana. Ndinapitabe. Tisanafike pa bango zidendene zanga zinali m'madzi. Mphuno itangotsika, mng'alu umene unali pamwamba unamira n'kuyamba kumwa. Anali ataumata phula, pamwamba n'kupakapo utoto. Manyazi analibe. Anati bwato lililonse limamwa, ngakhale munthu amamwa.

Ndinakhala pa dookolo mpaka mvula itayamba, ndikusungunula phula ndi kumata mabwato a ena kuti ndipeze chakudya. Ndinaphunzira kugogoda thabwa ndi chala n'kumva pamene lawola. Kuchokera pamenepo, munthu akandipatsa madzi akumwa ndinkayamba ndayang'ana bwato lake.

Kwina njira inatsetsereka chimodzimodzi, mkuyu womwewo, galu yemweyo koma woyera. Pansi pa mkuyupo panali mmisiri wosema mabwato, a Sanudi, nsompho ili m'manja. Anali atangomaliza bwato la mtengo umodzi, losalala, lowongoka. Ndinaligogoda ponseponse, linayankha bwino. Nditafotokoza za kangaude, anapukusa mutu. Anati ili n'lopapatiza, analisemera kuwolokera ndi kuthamangitsa, munthu wokhala kumphuno silingamusunge.

Wogulitsa wokana kugulitsa ndinali ndisanamuonepo. Ndinaganiza kuti akusungira wina amene walonjeza zoposa njinga. Ndinaumirira. Anati chabwino, koma ndivule malaya. Ndinakana, poganiza kuti akufuna aone zimene zili m'thumba. Ndinamanga thabwa langa, limene ndinaboola motsanzira la a Dzimbiri, kuika nsungwi, kukhala kutsogolo. Mphepo inali yochepa. Nditatambasula dzanja kumanzere, thambo linabwera pansi, mtsinje unapita pamwamba.

Anandivuula ndi a Sanudi, atandigwira kolala. Nsungwi zinayandama, tinazitola zonse. Chimene sichinayandame ndi kabuku ka nyimbo ka malemu amayi, kamene kanali m'thumba la malaya. Mmisiriyo sananene kuti ndinakuuzani. Anayanika zovala zanga pa bango, n'kundifunditsa nsalu yawo, ndipo akupita kokapemphera masana anasiya tiyi pa chipika. Ndinakhala nawo mpaka chimanga chitacha, ndikuwachotsera zipalapala m'mabwato. Ndinapempha kuti andisemere lotambalala. Anati mitengo ya mimba yotero inatha m'nkhalango, yotsala ili m'madzi, inasemedwa kale ndi akufa.

Pali chinthu chimene sindinauze munthu nthawi imeneyo. Bwato likalephera, mtima wanga unkapepuka. Ndinkagwada kuseri kwa bango n'kunena kuti, Ambuye, mwaona nokha, ili silinali loyenera. Ndipo ndinkadzuka ngati munthu amene wapatsidwa masiku ena.

Ndinafika m'tauni ina ya mlatho, kumene mabwato ake ndi achitsulo, aatali m'mbali ngati mbiya. Limodzi ndinaliyesa. Kugubuduzika silinagubuduzike, koma mphepo inaligwira n'kulizunguza ngati lichero, zingwe zanga zonse zinasanduka mfundo imodzi, ndipo ndinakhala pansi pa mlatho kuzimasula mpaka zala zitatupa. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandigwirira nsonga za zingwezo osandifunsa kanthu. Pochoka ndinawerenga mbedza zanga kawiri. Zinali zonse.

Pambuyo pake madooko anasakanikirana m'mutu mwanga. Lina bwato lake linali lopepuka, lina linali ndi fungo la chuku, lina mwini wake anaseka msanga. Penapake ndinaona bwato labwino ndithu, koma ndinati mtengo wake sindikuudziwa, mwina ndi wofumbwa m'kati. Ndinaphunzira kuwamba nsomba, kusoka ukonde, kuluka mono. Matayala a njinga anatha, ndinawamanga ndi mphira. Tsiku lina wogula nsomba wochokera kumunsi anandizindikira ndi nsungwi zanga. Anati alamu anga akuti ngati bwato kulibe ndingobwera, chifukwa achimwene tsopano sakutulukanso pakhonde, akungogona chopenyetsa kukhoma. Anandiuza akumanga dengu lake, osandiyang'ana. Ndinaganiza kuti mwina akukokomeza. Koma tsiku limenelo sindinathe kupemphera.

Dooko lomaliza linalibe bwato ngakhale limodzi. Panali mayi akuchapa, wa msinkhu wa alamu anga, mpango wakuda kumutu. Anati dzina lawo ndi Nangondo. Ataona nsungwi anafunsa ngati ndine munthu uja woyesa mabwato osagula, chifukwa mbiri yanga inali itandipitirira. Ndinati ndine. Anati bwato ali nalo, la malemu amuna awo, n'kuloza m'madzi.

Ndinayang'ana. Pansi pa madzi ofika m'chiuno panali chinthu chakuda, chachitali, chodzaza miyala.

Ndinati bwato lomira ndi lomira. Anati silinamire ndi tsoka, analimiza dala, chifukwa bwato la mtengo umodzi likakhala padzuwa popanda woligwiritsa ntchito limang'aluka, koma m'madzi limagona bwino. A Sanudi sanandiuzepo zimenezi, poti awo ankagulitsa asanaume n'komwe. Ndinaganiza kuti mayiwa akubisa kuwola, chifukwa thabwa lonyowa ukaligogoda silinena zoona. Ndinati tilivuule, liume masiku atatu. Anati ngakhale asanu.

Tinachotsa miyala umodziumodzi, tinakapa madzi, ndipo linadzuka pang'onopang'ono ngati mvuu. Linali loipa maonekedwe. Mphuno yake inali yotambalala ngati khomo, m'mbali motsika, pansi pochindikala. Masiku amene linkauma ndinkagona m'khumbi la m'dimba mwawo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapeza mbatata pa chitsa. Ndinkathamangira kaye kudooko kukaona ngati wina wamatapo phula. Tsiku lachinayi ndinaligogoda kuyambira kumphuno mpaka kumbuyo. Linayankha mawu amodzi.

Mphepo itadzuka ndinamanga thabwa, kuika nsungwi, kukhala kutsogolo. Bwatolo linkayenda ngati ng'ombe yokhuta. Mphepo inkadutsa pamwamba pake osaligwira. Zingwe zinaima chilili. Ndinatambasula dzanja kumanja, kumanzere, ndinachita kudziponya. Linapendekeka pang'ono n'kubwerera.

Nditatuluka ndinati ndi lolemera kwambiri, munthu mmodzi sangalikokere kumtunda. Anati limamangidwa pachikhomo, silikokedwa. Ndinati ndi lakale. Anati inenso si wa dzulo. Kenaka anafunsa kuti paja mwini wake ali ndi miyendo ingati.

"Umodzi."

"Nanga inu mwayesa ndi ingati? Zaka zonsezi mwakhala mukusankhira bwato munthu wa miyendo iwiri, bambo. Bweretsani kuno mwendowo."

Anavula chitenje chapamwamba, anapinda mwendo wanga wamanzere n'kuumangirira kuntchafu, mfundo yolimba ngati ya mtolo wa nkhuni. Ndinakwawira m'bwato. Ulendo uno nditatambasula dzanja kumanzere ndinalibe popondera. Ndinatsetsereka pampando, nthiti zinagunda m'mphepete, nkhope inafika pafupi ndi madzi mpaka ndinaona maso anga. Bwato linapendekeka, linaima, linandidikira. Ndinadzikoka n'kukhalanso.

A Nangondo anakuwa ali kumtunda kuti pakufunika kachipika kokhomera pansi, potsamira bondo. Tinakasema tsiku lomwelo. Nditayesanso sindinatsetsereke.

Ndinaima pafupi ndi njinga, ndikukanda chishalo ndi chikhadabo. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inu simukufuna bwato. Mukufuna chifukwa cholisiyira."

Sindidziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Ndinawauza mawu a achimwene, ndi zimene ndinkaopa. Anamvetsera akufinya zochapa. Kenaka anati amuna awo atadwala chifuwa chosatha ankapempha tsiku ndi tsiku kuti apite pamadzi, ndipo iwo, poopa zomwezo, anabisa nkhafi kudenga kwa khola, bwato n'kulimiza. Bambowo anamwalira pamphasa, patapita miyezi isanu, atasiya kupempha.

"Mpaka lero sindidziwa ngati ndinawasunga kapena ndinawafulumizitsa. Sindikukuuzani kuti achimwene anuwo akabwerako, ayi. Ine si Mulungu. Koma pamphasa paja palibe amene amabwerako."

Ngakhale pamenepo, kamtima kena kanandiuza kuti mayiwa akufuna njinga. Ndinapita kuseri kwa bango, ndinagwada, koma mawu anga akale aja sanabwere. Ndinangoti, Ambuye, munthuyu ndi wanu, si wanga. Ndinabwerera n'kuwapatsa njinga. Anaigwira panyanga mosazolowera, nati azitengera masamba kumsika akaphunzira. Nkhafi anakaitsitsa kudenga kwa khola, ili ndi zitosi za nkhuku. Nditapalasa kufika pokhota m'pamene ndinaona kuti pansi pa mpando aikapo mtedza wokazinga m'kansalu.

Ulendo umene ndinauyenda nyengo zonse zija, madzi anauyenda masiku anayi. Ndinadutsa mlatho, ndinadutsa mikuyu, agalu ankadzutsa mitu. Pa thamanda la gumbwa sindinaone munthu.

Achimwene ndinawapeza atatha thupi, mikono ngati bango. Ndinawauza kuti bwato lili padooko. M'mawa mwake anati ndiwabereke. Anali opepuka moti ndinachita mantha. Nditawatsitsa m'mphepete analiyang'ana nthawi yaitali, analisisita kumphuno, anakankha kachipika kaja ndi dzanja kuona ngati kakugwedera. Ndinati ndipita nawo, ndikhala kumbuyo. Anati anthu awiri amadzutsa mphuno, zingwe siziima bwino. Ndinali nditabisa chingwe chachitali m'bango, nsonga imodzi nditaimanga kumbuyo kwa bwato, pansi pa madzi. Anachipeza ndi nkhafi asanapalase n'komwe.

"Iwe, chomangirira n'cha mbuzi. Masula."

Ndinamasula.

Ine ndi alamu tinaima pamatope. Mphepo inali ikuwomba kuchokera kutsidya. Bwato linadutsa bango, linadutsa pamene akazi amatungira, linapitirira pamene ndinkayembekeza kuti liima, mpaka pakati, pamene madzi amada. Pamenepo analeka kupalasa. Nsungwi zinali zitagona m'bwato momwe ndinaziikira. Anaweramira m'madzi, dzanja limodzi litalowa mpaka m'chigongono. Alamu anandigwira mkono, zikhadabo zawo zinandilowa. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yotani. Mthunzi wa mkuyu unachoka pa mapazi athu.

Kenaka nsungwi imodzi inadzuka, inagwedezeka m'mwamba, n'kugona kumanja. Inatsatira ina. Alamu ankawerenga chapansipansi. Itakwana yachisanu ndi chitatu anakhala pansi pamatope pomwepo, ndi chitenje chawo chabwino.

Anabwerako dzuwa lili pamutu, ndi nsomba, makumba atatu ang'onoang'ono, nkhope ili gwa.

"Thabwa ili anaboola ndani?"

Ndinati ndine.

"Zikuoneka. Mabowo awiri akumanzerewa ayandikana ngati mano a khoswe, zingwe zakodwana kanayi. Upeze chitsulo, tiboole ena. Ndipo nyongolotsi zakozi n'zoonda ngati mwini wake. Mawa ukakumbe kuseri kwa khola la ng'ombe, usakumbe pamchenga. Ndibereke, ndili ndi njala."

Ndinati chabwino, achimwene, n'kuwerama.

Kumapiri sindinabwerere. Funso lija sindinawafunse mpaka lero, ndipo iwo sananenepo chimene ankayang'ana m'madzi tsiku lija. M'mawa uliwonse ndimawabereka kupita kudooko, amandinyoza njira yonse, amapalasa mpaka pakati. Ine ndimayerekeza kutsuka khasu. Ndimatsuka, ndikuyang'ana chamchira wa diso, mpaka nsungwi zitakwana zisanu ndi zitatu. Zikakwana ndimati zikomo Ambuye, ndi kupita kukakumba za mawa.